Njere za Tiyi Zimene Ndinayanika pa Doko la Chikwawa

Chaka chimene madzi anadula njanji ku Chiromo, mwana wanga Zuze anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkakhala kwa amayi anga pafupi ndi Nsanje. Amuna anga, bambo a Zuze, anali kumapiri a ku Thyolo. Anapita kukagwira ntchito ya tiyi kwa mzungu, koma atatopa ndi thangata anachoka n'kugwirizana ndi mabanja ena asanu ndi limodzi. Anapatsidwa malo pamwamba pa phiri, kunja kwa malire a mzungu, ndipo ankafuna kulima tiyi wawowawo, munda umodzi, makasu pamodzi. M'kalata yawo analemba kuti nthaka anagaula kale, manyowa a masamba ndi ndowe za mbuzi anapsa m'maenje, chisakasa cha nazale anamanga. Chimene chinkasowa ndi mbewu basi. Mzungu sakanagulitsa njere za tiyi kwa munthu wakuda.

Mbewuyo inapezeka kwathu, kumene tiyi samera n'komwe. Achimwene anga a Alufandika ankanyamula katundu pa sitesheni ya Nsanje. Mabokosi a njere ochokera kutsidya kwa nyanja anaima pamenepo chifukwa sitima sinkadutsa. Bokosi limodzi linagwa n'kusweka, mwini katundu anati akalitaye, ndipo achimwene anapempha kuti awapatse.

Anafika nazo kunyumba dzuwa litapendeka, ali ndi anzawo awiri. Anali matumba awiri a chiguduli, lalikulu ndi laling'ono, onse akuda bii ndiponso onyowa. Anamasula laling'onolo pang'ono kuti ndione. Njerezo zinali zobulungira ngati masau, zolimba, zokwiririka m'makala osinja.

"Mlongo wanga, unyamuka mawa," anatero. "Ukapereke kwa alamu m'manja."

"Ine?"

"Nanga ndani? Ine ndikajomba tsiku limodzi, pamalo panga palowa wina. A Nyamalunga akupita kumtunda ndi nsomba, upita nawo. Zinthu izi sizidikira munthu. Usachedwe panjira, ndiponso usamasule."

Ndinkafuna kufunsa chifukwa chake mbewu inali yonyowa. Kwathu mbewu timaumika. Mapira timapachika pamwamba pa moto kuti utsi uziwasunga, nthanga za maungu timamata pakhoma ndi phulusa. Koma anzawo aja ankandiyang'ana, ndipo ine ndine munthu wa manyazi chibadwire. Kusukulu ya mishoni ndinakhalako zaka zitatu, koma mphunzitsi sanamvepo mawu anga bwinobwino. Ndinangozyolika n'kuti, "Ndamva, achimwene."

A Nyamalunga anali mayi wa Chisena, wamfupi, wa mawu aakulu, wogulitsa milamba youma. Ankayenda patsogolo ndi mtanga wawo, ine pambuyo, dengu la njere pamutu, Zuze kumsana, mphasa yaing'ono m'khwapa. Madzi akuda ankadontha m'dengumo n'kutsikira m'khosi mwanga. Tinagona kwa abale awo kwa Tengani, ndipo tsiku lachiwiri madzulo tinafika moyang'anana ndi Chiromo.

Pamenepo ndi pamene tinkayenera kuoloka. Ukaoloka Shire pamalo amenewo, masiku awiri okha wafika ku Thyolo. Mapiriwo ndinkawaona ndi maso anga, akuda, atavala mitambo. Koma pakati pa ine ndi iwo panali madzi okhaokha. Mtsinje wa Ruo unali utasefukira, ukukankha Shire chammbuyo, ndipo mitengo yathunthu inkayenda pamadzi ndi mizu yomwe. Anthu anali mbwee pamtunda ndi katundu wawo.

A Nyamalunga anapita kwa mwini bwato wina amene ankasoka ukonde.

"Baba, tiolotseni. Mwana uyu ali ndi katundu wofulumira."

"Nkhabe," anakana osatukula mutu. "Mwadiya wanga ndi umodzi, mayi. Ukamira mundigulira inu?"

"Mwamuna wamkulu chonchi kuopa madzi?"

"Madzi ndimawaopa, inde. N'chifukwa chake ndakula."

Tinadikira tsiku lathunthu. Ndinabaya kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti ndione ngati akuphwa, ndipo ndinkapita kukakaona mwinamwake kakhumi. Pofika masana kamtengo kanali katamira. Sindinkatha kukhala pansi. Ndikakhala, mawu a achimwene akuti zinthu izi sizidikira munthu ankandiimiritsa. Ndikaima, panalibe kopita.

M'mawa mwake a Nyamalunga anamanga mtanga wawo.

"Mwanawe, tizungulira. Tidzera kwa Ngabu, tikaolokere ku Chikwawa. Kumeneko Ruo kulibe."

"Ndi masiku angati, mayi?"

"Ukafunsa masiku miyendo imalemera. Senza."

Tinafulatira mapiri amene ndinkawafuna n'kulowera kumpoto.

Tisanayende kwambiri tinapeza galimoto ya mmwenye wina wa sitolo, yopita kwa Ngabu ndi matumba a mchere. Woyendetsa ankatenga anthu pamwamba pa matumbawo, tiki munthu mmodzi. A Nyamalunga anakangana naye mpaka analandira milamba inayi m'malo mwa ndalama, ya ife tonse awiri. Aka kanali koyamba kuti ine ndikwere galimoto. Itabangula ndinagwira Zuze ndi dzanja limodzi, dengu ndi linalo, n'kutseka maso.

Pafupi nane panakhala bambo wina wovala buluku loyera ndi chipewa cholimba, kalaliki wa kumsika wa thonje. Galimoto ikagwedezeka, dengu langa linkamukhudza. Patapita nthawi anayang'ana mwendo wake n'kukuwa.

"Mayi! Taonani buluku langa! Mwanyamula chiyani umu?"

Ndinakokera dengu pafupi nane. Iye anapisa chala pachiguduli n'kuchinunkhiza.

"Makala! Anthuni, mayi awa akupita ndi makala onyowa. Mukupita nawo kuti?"

"Ku Thyolo," ndinanong'ona.

"Ku Thyolo! Kumene mitengo imachita kugwera anthu? Kumeneko mukagulitsa kwa anyani?"

Galimoto yonse inaseka. A Nyamalunga anamuyankha kuti buluku loyera amavala munthu wopanda ntchito, ndipo anthu anasekanso, koma ine ndinangofuna matumba a mchere aja atandikwirira.

Sitinafike kwa Ngabu ndi galimotoyo. Dothi la kumeneko ndi la makande, lakuda, ndipo likanyowa limagwira ngati ulimbo. Tinatitimira katatu. Amuna ankatsika kukakankha, kalaliki uja pamodzi nawo, mpaka buluku lake linafanana ndi makala anga. Kachitatuko chitsulo china chinathyoka pansi, ndipo woyendetsa anagona chagada m'matope, akumenya ndi hamala.

"Tinyamuka posachedwa," ankatero.

Anatero dzuwa lili pamutu, anateronso litapendeka. Tinakhala pansi pa mlambe, udzudzu ukutiluma masanasana. Zuze analira mpaka mawu anasasa. Ine ndinkangozungulira galimotoyo ngati nkhuku yofuna poikira. Pomaliza a Nyamalunga anapita kukafuna milamba yawo iwiri ibwezedwe, popeza tinangoyenda theka la njira. Woyendetsa anati inadyedwa kale. Tinasenza n'kupitiriza pansi.

Kuchokera kwa Ngabu tinayenda masiku atatu. Mtsinje wa Mwanza tinaoloka madzi ali m'chiuno, Zuze nditamukweza m'khosi, ndipo bambo wina amene anandithandiza dengu anapunthwa n'kuliviika. Linavuuka likuchucha. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndinkaganiza kuti mbewu yanyowa kawiri tsopano, ndipo ikuwola pamutu panga.

Pa doko la Chikwawa tinapezanso khamu. Mabwato ankaoloka, koma awiri okha, ndipo ankayamba atenga amtengatenga a boma ndi makalata. Enafe anatiuza kuti tidikire madzi atsike pang'ono. Tinapeza malo pansi pa mtondo pamodzi ndi amayi ena a kwa Kasisi amene ankapita kukasinthanitsa mchere.

Tsiku loyamba dzuwa linawala kwambiri. Dengu linayamba kununkha chinyontho, fungo ngati la nkhokwe yodontha. Ndinalisuntha kuliika pamthunzi, ndinalibwezanso padzuwa, ndinalisunthanso. A Nyamalunga ankandiyang'ana.

"Iwe, dengu limenelo lili ndi nsikidzi? Tamasula tione."

"Achimwene anati ndisamasule."

"Achimwene ako amadziwa kunyamula mabokosi. Mbewu anasungapo liti? Masula."

Ndinamasula thumba lalikulu. Nditapisa dzanja ndinamva kutentha m'katimo. Njere zina zinali zitang'aluka, ndipo pamng'alupo pankatuluka kanthu koyera ngati dzino la mwana. A Nyamalunga anaomba m'manja.

"Mayo! Chimera! Mwanawe, ukupita kwa mwamuna wako ndi mbewu kapena ukukafulula thobwa?"

Amayi a kwa Kasisi anabwera kudzaona. Wina anatola njere imodzi n'kupukusa mutu.

"Mbewu ikayamba chonchi m'thumba, yatha. Yanikani lero lomwe, zotsalazo zipulumuke."

"Amene analonga zimenezi ndi mwamuna," anatero wina. "Mkazi sangasunge mbewu m'matope."

Aliyense ananena chimodzimodzi, ndipo inenso mumtima ndinkadziwa chimodzimodzi kuyambira ku Nsanje. Ndinamva kupepukidwa. Tinatsuka makala onse mumtsinje, amayi anayi kundithandiza, wina atandigwirira mwana. Tinayala njerezo pamphasa yanga. Mphasayo inali yaing'ono, inangokwana thumba lalikulu lokha. Tinati laling'ono tiyanika izi zikauma.

Masiku awiri ndinakhala pambali pa mphasa imeneyo, kutembenuza njere ndi chikhatho, kuingitsa mbuzi. Dzuwa la Chikwawa amalidziwa ndi amene anapondapo mchenga wa kumeneko masana. Tizinthu toyera tija tinafota n'kuda. Tsiku lachiwiri madzulo ndinatola njere imodzi n'kuigwedeza pakhutu, ndipo inalira m'kati, khochokhocho.

"Pyadidi," anayamikira m'Chisena a Nyamalunga. "Imeneyo ndiye mbewu. Ikhoza kukhala zaka ziwiri."

Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la ulendowo. Ndinkadziona ndikufika kwa bambo a Zuze, iwo akuuza anzawo kuti mkazi wawo ndi wosamala.

M'mawa mwake ndinali pafupi kukhuthula thumba laling'ono pamene mwini bwato anaitana kuti pali malo a anthu atatu. A Nyamalunga anali ataganiza zogulitsa nsomba zawo pa Chikwawa pomwepo, chotero anangondisenzetsa dengu n'kundikankhira kutsogolo.

"Thamanga! Linalo ukayanike kutsidya. Ukapereke moni kwa mwamunayo, umuuze akugulire nsalu."

"Takhuta, mayi," ndinathokoza m'chinenero chawo, ndipo sindinawaonenso.

M'bwatomo ndinakhala chogwada, madzi akulowa m'mbali, ndikudandaula chinthu chimodzi chokha, kuti thumba laling'ono likadali lonyowa.

Kutsidya ndinayenda mpaka patsinde pa chitunda, pa Thabwa. Anthu amapuma pamenepo asanayambe kukwera. Ndinaona thanthwe lotentha bwino, ndinayala mphasa, n'kuyamba kumasula thumba laling'ono. Pafupi panakhala mayi wina wa Chilomwe, wamtali, wa zala zakuda zong'aluka. Anatsika ndi nthochi kudzasinthanitsa ndi nsomba, ndipo tsopano ankabwerera kwawo. Dzina lake anali mayi Mukhuna. Ataona njerezo anasiya kudya.

"Amwali, zimenezo mwazitenga kuti?"

Ndinafotokoza mwachidule, maso ali pansi.

"Nanga pamphasapo mukufuna kutani?"

"Kuyanika. Zinazi ndayanika kale, zauma bwino."

Ndinawaonetsa thumba lalikulu monyadira. Anatola njere imodzi, anaigwedeza pakhutu, kenaka anaiswa ndi mano. M'katimo munali kanthu kofota, kofiirira, kokwinyika ngati khungu la nkhalamba. Anatola ina m'thumba lonyowa, anaiswanso. Imeneyo inali yodzaza, yoyera, yonona.

"Masiku angati padzuwa?"

"Awiri."

"Padzuwa la kuchigwa kuno?"

"Inde."

Anataya njere yofota ija. Kenaka anati, "Ine ndatola njere za tiyi zaka zisanu kwa mzungu. Zikagwa mumtengo timatola tsiku lomwelo, n'kuzikwirira mumchenga wonyowa. Njere ya tiyi ili ngati nsomba, amwali. Ikauma yafa. Makala aja anaikamo dala."

"Koma zinayamba kumera," ndinatero.

"Kumerako ndiye moyo wake. Zimene zang'aluka ndi zimene timayamba kubzala."

"Nanga ndikaziviika?"

"Mlamba wouma mukauviika umasambira?"

Ndinakhala pathanthwepo. Zuze ankakoka bere, ine osamva. Thumba lalikulu, limene munali mbewu yochuluka, ndinalipha ndekha, ndi manja anga, ndikuingitsa mbuzi kuti zisalisokoneze.

Mayi Mukhuna sanandinyoze. Anamanganso thumba laling'ono, analiwaza madzi a m'chipanda chawo, analikulunga ndi masamba a nthochi.

"Ili ndi lamoyo. Dzukani, tikwere. Mukakhala pano nalonso lifa."

Chitunda cha Thabwa ndi chachitali, njira yake yokhotakhota. Tinakwera tsiku lonse. Ndikatembenuka ndinkaona Shire pansi patali, ndipo nthawi iliyonse ndinkaganiza zobwerera. Ndikanakauza amayi kuti madzi anandibweza. Tikafika pamphepete pa phompho ndinkaganiza zoponya thumba lalikulu pansi, n'kukanena kuti linagwera mumtsinje wa Mwanza. Kenaka ndinkaganiza za anthu a mabanja asanu ndi awiri amene anagaula phiri ndi makasu, ndipo ndinkapitiriza kukwera. Mayi Mukhuna ankalankhula za mtengo wa mchere, za mwana wawo wodwala chifuwa. Ine ndinkangoti inde, inde.

Tinagona kwa anthu ena pamwamba pa chitunda, ndipo m'mawa tinalowera kummawa. Dothi linasanduka lofiira. Mphepo inali yozizira moti Zuze ndinamufunditsa nsalu yanga yachiwiri. Masana tinafika pamphambano, ndipo mayi Mukhuna anandilozera phiri lokutidwa ndi nkhungu.

"Anthu anuwo ali uko. Tsatani njira iyi, mukafunse kwa a Mahata. Ndiwo amatsogolera gululo." Anandiyang'ana. "Mukanene, amwali. Mukangofika mukanene."

"Ndikanena," ndinalonjeza.

Koma nditatsala ndekha ndinayesa kukonza mawuwo pakamwa, ndipo sankatuluka ngakhale pamaso pa mitengo. Ndingathe bwanji pamaso pa amuna asanu ndi awiri ndi akazi awo, anthu osawadziwa? Ndinafika pa kamtsinje kena. Ndinatula dengu. Ndinayenda uku ndi uku m'mphepete mwake nthawi yaitali. Kenaka ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi kuposa kuyanika kuja. Ndinakhuthula matumba onse awiri m'dengu, ndinathira madzi, n'kusakaniza njere zouma ndi zonyowa mpaka zonse zinada mofanana. Ndinati mumtima, mbewu ina imamera, ina simera, ndani adzadziwe?

Ndinafika dzuwa lisanalowe. Mayi wina amene ankasenza manyowa anandiona n'kuyamba nthungululu, ndipo anthu anatsika m'munda ndi makasu awo. Bambo a Zuze anathamanga, ananditula dengu, ananyamula mwana wawo m'mwamba. Anali ataonda, manja atachita zikang'a.

"Make Zuze, mwayenda masiku angati?"

"Khumi ndi limodzi."

"Nokha?" Anatembenukira anzawo. "Mukuona? Ndinakuuzani kuti kwathu akazi ndi olimba."

Ananditengera ku nazale kuti ndione. Pansi pa chisakasa cha udzu panali mabedi asanu ndi limodzi, aataliatali, dothi lake losefedwa, losakaniza ndi manyowa ndi phulusa, lofewa ngati ufa. Bambo a Zuze ankandiuza kuti manyowawo anasenza pamutu miyezi itatu, banja lililonse tsiku lake, ndipo mbuzi za onse anazimangira khola limodzi kuti ndowe zisamwazike.

A Mahata anali bambo wachikulire wotsimphina, amene kale ankagwira ntchito ku nazale ya mzungu. Anandipatsa moni mwaulemu, kenaka anauza akazi kuti abweretse mbiya yaikulu yodzaza madzi. Sindinadziwe kuti ya chiyani. Anthu anazungulira. Anatapa njere ndi lichero n'kuthira m'mbiyamo.

"Zomira ndi zamoyo," anandifotokozera monga mlendo. "Zoyandama timataya."

Makala anadetsa madzi. Kenaka njere zinayamba kutumphuka, imodzi, zisanu, khumi, mpaka pamwamba ponse panadzaza, zikugundana ngati zikho. A Mahata anaziyengula, anathiranso lichero lina. Chimodzimodzi. Mulu wa zoyandama unkakula pansi.

Woyamba kutsegula pakamwa anali bambo wina wa ndevu, akuyang'ana bambo a Zuze.

"Ndiye mbewu imeneyi? Mlamu wanuyo watitumizira zinyalala zosesa pa sitesheni."

"Mwinatu zabwinozo anagulitsa," anatero mkazi wake. "Anthu a kuchigwa amachenjera."

"Alamu anga si otero," anayankha bambo a Zuze, koma mawu awo anali ofooka, ndipo sanayang'ane munthu.

"Si otero? Nanga izi n'chiyani? Miyezi itatu tikusenza ndowe chifukwa cha mawu anu."

A Mahata anaswa njere imodzi yoyandama n'kuiyang'anitsitsa.

"Izi sizinafe ndi ulendo," anatero pang'onopang'ono. "Izi zinaonana ndi dzuwa. Bokosilo liyenera kuti linakhala pabwalo, munthu n'kungothira madzi pamwamba kuti tisazindikire."

Ndinaona bambo a Zuze akugwetsa nkhope. Ndinaganiza za achimwene, amene anapempha bokosi losweka pamaso pa anzawo, amene anandiuza mawu awiri okha ndipo ine ndinaphwanya onse awiri. Ndinagwada pansi pomwepo.

"Ndine."

Palibe anamva. Wandevu uja ankapitiriza kulankhula.

"Ndine!" ndinabwereza, ndipo mawuwo anatuluka aakulu moti Zuze anadzidzimuka. "Achimwene anandipatsa zonse zili zonyowa, anati ndisamasule. Ndinamasula pa Chikwawa. Ndinaona zikumera, ndinayanika masiku awiri monga timachitira ndi mapira. Pa Thabwa mayi wina anandiuza kuti ndapha. Ndinaopa, ndiye ndinasakaniza ndi zamoyo pa kamtsinje kali kumunsiku, kuti musadziwe. Achimwene alibe mlandu."

Sindinalankhulepo mawu ochuluka chotero pagulu, kale kapena pambuyo pake. Ndinkangoona mapazi a anthu, ofiira ndi dothi.

"Munayanika," anatero mkazi wa wandevu uja. "Pamphasa?"

"Inde, mayi."

"N'kumatembenuza?"

"Inde."

Wina anayamba kuseka koma analeka msanga. Bambo a Zuze anafuna kulankhula, a Mahata anawaletsa ndi dzanja.

"Kuyanikako sindikukuimbani mlandu, mayi. Inenso chaka changa choyamba ndikanayanika. Kusakanizako ndiye kwandipweteka." Analoza mbiya ija. "Dzukani. Kukuda, ndipo zamoyozi zikufuna dothi. Pisani m'mbiyamo."

Ndinapisa mkono mpaka paphewa m'madzi ozizira, ndikuvuula zomira pansi. Anandionetsa kabzalidwe kake, kadiso ka njere kuloza pansi, kuya kwake mfundo imodzi ya chala. Tinabzala tonse, wandevu uja pambali panga, osandilankhula. Njere zamoyo zinakwana mabedi awiri ndi kachigawo kakang'ono ka lachitatu. Pamenepo zinatha.

Sindinabwerere ku Nsanje. Anandiika pa ntchito yothirira pamodzi ndi akazi anzanga, ndipo patapita milungu isanu ndi umodzi timitengo tofiirira tinayamba kutumphuka m'mabedi awiri aja. Anthu anasangalala, ena anayambanso kundiseka poyera, zimene zinali bwino kuposa kukhala chete. Koma mbewu ina sinapezeke mpaka chaka chinacho. Mabedi enawo anakhala opanda kanthu, ndi manyowa ake onse a miyezi itatu, ndipo njira ya kumtsinje inkadutsa pakati pake. Ndinkadutsapo kasanu ndi kamodzi patsiku, mtsuko uli pamutu. Akazi anzanga anandiuza kuti pali njira ina yodzera kuseri kwa khola. Sindinadzereko.